Abusa Pomaliza ndi Mpingo wa Matayala Awiri

Pobadwa penipeni anachedwa ndi milungu iwiri. Mayi awo ankanena mpaka ukalamba kuti mwanayo ankatsanzika kaye m'mimbamo, ndipo kutsanzikako kunatalika. Ndiye musadabwe kuti atakula n'kukhala mbusa, anthu anawapatsa dzina loti Abusa Pomaliza.

Dzinali silinagwe ndi mvula. Bambowa akakwera paguwa ankalalikira bwino ndithu, mawu okoma, nkhope yowala ngati aipaka mafuta a khanda. Vuto linali potera. Akati, "Pomaliza, abale anga," azimayi ankayamba kufufuza nsapato pansi pa benchi, osadziwa kuti ameneyo ndi pomaliza woyamba kubadwa, ang'ono ake asanu ndi mmodzi akubwera m'mbuyo. Ana ankagona, kudzuka, kulira, kugonanso. Akazi awo, Mayi Busa, amene ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo, anapangana nawo chizindikiro: akatsokomola katatu ndiye kuti zakwana. Abusa ankamva chifuwacho n'kuima, n'kuwapempherera Mayi Busa kuti achire, kenako n'kupitiriza.

Anali mwana wa wosoka nsapato, ndipo kwa bambo awo anatengako zinthu ziwiri: kudekha, ndi kukhulupirira phazi. Chilichonse chokhala ndi injini ankachiyang'ana ngati galu wa eni ake. Basi ankakwera akasowa chochita. Njinga yamoto ikawadutsa pafupi ankalumphira m'ngalande, chikwama chili pamutu.

Tchalitchi chawo chinali chachikulu, cha abusa atatu. Akulu a mpingo sanafune kuwakhumudwitsa Abusa Pomaliza, choncho anawakweza udindo mowatsitsa pang'onopang'ono: kuchoka paguwa kupita kowerenga zolengeza, kuchoka kumeneko kupita pakhomo kukapatsa anthu moni. Pakhomo munthu sangatalikitse, chifukwa wam'mbuyo amakankha.

Ndi pakhomopo pamene anaona chinthu chimene anakhala osachiona zaka zonse ali paguwa. Lamulungu lililonse akhristu ankafika pa njinga zamoto. Akabaza ankawatsitsa pageti, azimayi a zipewa, azibambo a masuti, agogo ogwirira ndodo m'khwapa, kenako n'kutembenuka kukatenga ena. Mapemphero akamatha ankabweranso kudzawatenga. Palibe mmodzi wa iwo ankadutsa geti.

Tsiku lina abusa anaima kutali pang'ono ndi njinga ina, n'kuitana mwini wake, bambo wamfupi wa mano otalikirana amene anzake ankamutcha Mabuleki, chifukwa mabuleki ndi chinthu chimene ankachikumbukira mochedwa.

"Achimwene, bwanji osalowako tsiku limodzi? Malo alipo."

"Abusa, ife tikalowa, awa abwera ndi chiyani?" anayankha Mabuleki akupukuta mpando ndi nsanza. "Tchalitchi chanuchi timadzaza ndi ife, koma denga lake m'kati sitidziwa kuti ndi lamtundu wanji. Kumwamba tikangowasiya pageti akhristu anuwa, ife n'kubwerera."

Ananena akuseka, n'kuliza hutala, n'kupita. Koma mawuwo anawakhala abusa pakhosi ngati munga wa nsomba. Masana sanadye bwino. Lolemba m'mawa anavala jekete, kunyamula mapepala khumi ndi anayi a ulaliki, ulendo wa pansi kupita pasiteji ya akabaza.

Sitejiyo inali pamphambano, pansi pa chikwangwani chachikulu chotsatsa sopo, pakati pa shedi yomatira matayala ndi tebulo la mayi wogulitsa tiyi. Mpando unalipo umodzi, thabwa losanjika pa matayala awiri akutha. Njinga zinandanda mumzere, mphuno zonse kuloza kumsewu. Mtsogoleri wawo, amene onse ankangomuti Tcheya, bambo wa mimba ndi wisulo pakhosi, anawalandira bwino n'kuwafotokozera lamulo la pamalopo.

"Pano lamulo ndi limodzi, abusa. Amene ali kutsogolo kwa mzere ndiye amanyamula munthu akabwera. Sakana, sazengereza, ngakhale ali ndi buledi m'kamwa. Akabwerako amakaima kumchira. Lalikirani mmene mungathere, koma mzere sitiimitsa."

Abusa anati palibe vuto. Anatsegula pepala loyamba pamaso pa anthu makumi awiri. Asanamalize moni, atatu anali atapita. Pofika pepala lachiwiri, nkhope zonse zinali zachilendo, za amene abwerako kumene, ndipo mmodzi anafunsa mnzake mokweza kuti, "Aise, amenewa akugulitsa mankhwala anji?" Pa pepala lachisanu sukulu yapafupi inaweruka, mzere wonse unangoti psiti. Pomaliza woyamba anamumva ndi mayi wa tiyi ndi galu wa womata matayala. Galuyo anachoka pa pomaliza wachiwiri.

Kunyumba Mayi Busa anaseka mpaka kusiya kupalasa makina.

"Bambo, kumeneko ndiye kwanu. Ine ndatsokomola zaka khumi ndi zisanu osaphula kanthu. Mulungu wakupezerani asing'anga."

"Mayi, anthu aja sakhala pansi. Mawu ndiwathira bwanji m'chitini choyenda?"

"Bweretsani mapepalawo."

Anatenga sizasi yodulira nsalu. Anawerenga pepala loyamba, n'kuti, "Iyi ndi mipendero," khapu. Lachiwiri, "Awa ndi mabatani okongoletsa," khapu. Abusa ankagwira pamtima ngati akudulidwa ndi iwowo. Pamapeto panatsala kachidutswa kokwana m'thumba la malaya.

"Malaya ndi amenewa. Zinazo zinali nsalu yotsala."

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Abusa anabwerera pasiteji mawa lake, ndi mkuja, ndi mlungu wotsatira. Anaphunzira kuyeza ulaliki ndi mzere: mawu oti athe njinga zitatu zisananyamuke. Ulaliki umodzi ankaubwereza tsiku lonse, ngati wogulitsa nthochi. Ndipo panabadwa chizolowezi chimene iwo sanachikonze. Wobwerako akaima kumchira ankagunda wakutsogolo kwake ndi chigongono n'kufunsa, "Afika pati?" Winayo n'kumuuza zimene waphonya, mwa mawu akeake, nthawi zina ndi mchere wowonjezera. Mawu ankayenda mumzere kuchokera kumutu kupita kumchira, ndipo pofika madzulo aliyense anali atawamva kanayi ndi kuwanenako kawiri.

Patatha miyezi iwiri Tcheya anawaitanira pambali.

"Abusa, anyamatawa akukondani. Koma akuti mbusa wa nkhosa za matayala sangamayende pansi. Lero mukwera."

"Tcheya, ine ndi njinga tinapangana kuti tisamaputane."

"Mabuleki! Tabwera uwazunguze pang'ono abusa."

"Palibe wina?" anafunsa abusa ndi mawu a kamwana.

"Ali kutsogolo kwa mzere ndi iyeyu. Lamulo ndi lamulo."

Anawaveka chipewa choteteza mutu, anawakweza. Abusa anamukumbatira Mabuleki mwamphamvu kuposa mmene anawakumbatirira Mayi Busa tsiku la ukwati. Pakona yoyamba njinga inapendekera kumanzere, iwo n'kudzikokera kumanja kuti aiwongole, njinga n'kuyamba kuvina.

"Abusa, musalimbane nayo!" anakuwa Mabuleki. "Ndikapendeka, pendekani nane! Msewu ndikuuona ndine, inu onani msana wangawu basi!"

Anabwerako amoyo. Koma potsika, poti anali pa changu chofuna kupsompsona nthaka, anatsikira kumanja, kumene kuli paipi ya utsi. Katumba wa mwendo anangoti tswii. Abusa anadumpha ndi mwendo umodzi akutchula mayina a angelo, ndipo siteji yonse inawomba m'manja. Mmodzimmodzi anakwinya buluku kuwaonetsa chipsera chomwecho, pamalo omwewo.

"Chidindo chimenecho, abusa," anatero Tcheya akuwapaka mankhwala otsukira mano pabalapo. "Inu mumabatiza ndi madzi. Ife ubatizo wathu ndi umenewu. Tsopano ndinu athu."

Usiku sanagone ndi ululu, koma m'mawa anafika ndi ulaliki wabwino kuposa onse amene analalikirapo paguwa, ndipo unali wa Mabuleki: wokwera kumbuyo saona msewu, amangoona msana wa woyendetsa; akalimbana ndi njinga pakona agwa onse, akapendekera limodzi ndi woyendetsa adutsa. Moyo wa munthu ndi Mulungu ndi chimodzimodzi. Basi, pomwepo. Mabuleki anayenda mlungu wonse chifuwa chili patsogolo, akuuza aliyense kuti iye ndi amene amawalembera abusa.

Zaka zinapita zisanu ndi zinayi. Abusa sanaphunzire kuyendetsa, koma kumbuyo kwa njinga ankakhala ngati thumba la mchenga, osatekeseka. Ankapita kuchipatala wina akagwa, kukakhala pambali pa bedi n'kumuuza kuti mzere ukumudikira. Ankalowa pakati akabaza akayambana ndi oyendetsa minibasi. Munthu akagula njinga yatsopano ankabwera nayo kuti aipempherere, ndipo iwo ankayamba ayang'ana chipewa. Wina anabwera atachikoleka pachigongono, abusa anakana.

"Mwana wanga, chigongono chako chidzapulumuka, ndikuvomereza. Koma pamaliro sitilira chigongono. Vala kumutu, ndiye tipemphere."

Ena anasiya mowa, ena anangosiya kumwa abusa akuona. Mabuleki anakwatira, ndipo mkwatibwi anafika pa njinga atakwinyira diresi m'manja. Ana a akabaza ankawatcha agogo. Mayi wa tiyi anagula ketulo yachiwiri.

Kenako kunabwera kalata yochokera kulikulu la mpingo. Inali yaulemu kwambiri, mtundu wa ulemu umene umatsogolera mbama. Inati kwa zaka zisanu ndi zinayi abusa akhala akulemba za mpingo umene palibe wauonapo: wopanda khoma, wopanda guwa, wopanda nthawi yoyambira. Lachinayi likubwerali Abusa Aakulu adzabwera kudzaona okha mapemphero athunthu, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka Ameni, akhristu ali pansi. Zikapezeka, mpingowo ulembedwa m'kaundula. Zikapanda kupezeka, abusa asamutsidwira kulikulu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, kukasamala chipinda cha mafayilo.

Abusa anawerenga kalatayo kwa amene analipo, ndipo inayenda mumzere ngati ulaliki. Pofika masana onse anali ataimva, ndipo palibe ankaseka.

"Mafayilo?" anatero Mabuleki. "Abusa athu akalalikire mapepala? Nanga mwana wanga akubadwa mwezi wamawa amudalitsa ndani?"

Tcheya anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako analiza wisulo.

"Tamverani. Chiyambire siteji ino mzere sunaimepo, ngakhale tsiku la maliro a mayi anga. Lachinayi uima. Ola limodzi. Makiyi onse m'chipewa changa, chipewa pansi pa mpando wa Mayi Busa. Wosuntha adzandidziwa."

Lachinayi linafika. Anabwereka mabenchi asanu ndi limodzi. Womata matayala anasesa mpaka kumsewu. Akabaza anasamba, zimene zinachititsa kuti ena asazindikirike. Mabuleki anavala tayi pamwamba pa jekete yonyezimira ya pantchito, ndipo poti mzere unaimira pa iye, njinga yake ndi imene inali kutsogolo. Makiyi analowa m'chipewa, ngwee ngwee ngwee, makumi atatu ndi awiri. Palibe anakumbukira kuti njinga ya Mabuleki inataya kiyi kalekale, imalira ndi mawaya awiri ndi chidendene.

Onse anakhala pansi, maso kumsewu, kudikira galimoto yaikulu yonyezimira, poti munthu wamkulu amabwera choncho. Abusa anaima kutsogolo, kachidutswa ka ulaliki kali m'dzanja. Galimoto sinabwere. Imene inaima tsidya la msewu ndi basi wamba, ndipo munatsika nkhalamba ina yowonda, ya chikwama ndi ambulera. Inayang'ana uku ndi uku, kenako inakweza chala chimodzi m'mwamba.

Chala chimenecho mkabaza amachiona ngakhale ali m'tulo. Mabuleki mutu wake unali pabenchi, koma miyendo inali itafika kale panjinga. Tcheya asanapeze wisulo, injini inalira, Mabuleki anadula msewu n'kukaima pamapazi a nkhalambayo.

"Kuti, bwana?"

"Kutchalitchi, mwana wanga."

Kwa Mabuleki, amene ananyamula akhristu zaka zonsezi, tchalitchi chinali chimodzi: chachikulu chija cha geti, kutsidya lina la tauni. Anaiveka chipewa nkhalambayo, kuika chikwama pathanki, ulendo. Podutsa pafupi ndi mabenchi anakweza dzanja ngati wopepesa. Ndi pamene abusa anaiona bwino nkhope ya wokwerayo.

"Tcheya," ananong'ona. "Amene watengedwawo ndi Abusa Aakulu."

Mawuwo anayenda mumzere mofulumira kuposa ulaliki uliwonse. Anthu makumi atatu ndi awiri analumphira chipewa chimodzi. Mayi Busa anapulumuka pokweza miyendo. Makiyi anamwazika pansi, aliyense kutola imene yamuyandikira, kuyesa, kutukwana mwaulemu, kusinthana ndi mnzake. "Iyi ndi yako, aise, ili ndi kachidole!" Tcheya ankaliza wisulo osadziwa kuti akuletsa kapena akutuma. Injini imodzi inalira, kenako zisanu, kenako zonse, ndipo fumbi litatsika panalibe njinga ngakhale imodzi. Onse anathamangira kukabweza mlendo.

Abusa anakhala pathabwa lija. Kutsogolo kwawo kunali mabenchi asanu ndi limodzi opanda munthu, Mayi Busa atanyamula chipewa chopanda kanthu, ndi mayi wa tiyi atagwira pakamwa.

"Mayi," anatero abusa, "kodi sutikesi yaikulu ija ikadali ndi chogwirira?"

"Imwani tiyi kaye, bambo. Munthu salongedza asanathamangitsidwe."

Anamwa. Tiyi sanamveke shuga. Anayang'ana chikwangwani cha sopo chimene chinawapatsa mthunzi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anayamba kuganiza kuti m'chipinda cha mafayilo mwina muli windo.

Patapita mphindi makumi anayi kunamveka mahutala. Njinga zinkabwera ziwiriziwiri, pang'onopang'ono ngati zaperekeza mkwati, Tcheya patsogolo. Pakati panali Abusa Aakulu, koma sanali pa njinga ya Mabuleki. Anali kumbuyo kwa mkabaza wina, wamtali, ambulera itapingasa pamiyendo. Mabuleki ankabwera kumchira, tayi ili paphewa, nkhope ngati ya mbuzi yogwidwa m'munda.

Abusa anathamanga kukawalandira, mawu opepesa atadzaza m'kamwa. Nkhalambayo inakweza dzanja.

"Dikirani, abusa, ndiyambe ndapeza miyendo yanga." Inaima, kuwongola msana. "Munthu wanuyu wandipititsa kutchalitchi chokhoma. Koma zimenezo tizisiye. Pakona yoyamba ndinalimba thupi ngati mtembo, iye n'kundikalipira kuti ndisalimbane ndi njinga, ndipendekere naye limodzi. Ndisanayankhe, anapitiriza kuti ndi mmene zilili ndi Mulungu, ndipo anandilalikira mpaka pageti. Ndinamufunsa kuti waphunzira kusukulu iti ya ubusa. Akuti pamphambano."

"Ulaliki umenewo ndi wanga ndithu, bwana," anatero Mabuleki chapansipansi.

"Khala chete iwe," anatero Tcheya.

"Anzakewa atatipeza," inapitiriza nkhalambayo, "ndinati mwina ndagwera pa wochenjera mmodzi. Ndiye pobwerera ndimasintha njinga pamphambano iliyonse. Ndakwera zinayi. Woyamba ndinamufunsa kuti abusa anu analalikira zotani dzulo, anandiuza. Wachiwiri anandiuza zomwezo, n'kuwonjezera za Lolemba. Wachitatu anandifunsa ngati ndili ndi mtendere kunyumba. Wachinayi, wamtaliyu, wandipempherera bondo langa, maso ali pamsewu, ndikuthokoza." Inatembenukira kwa abusa. "Kutchalitchi kwanga ndikaima pakhomo n'kufunsa anthu zimene ndalalikira mphindi khumi zapitazo, amandiyamikira tayi. Ulaliki ndaumva kale kanayi, abusa. Chatsala ndi Ameni. Tipatseni."

Akabaza anazimitsa injini. Sanapite kumabenchi, aliyense anakhala pa njinga yake, chipewa pachifuwa. Anthu amene ankadikira zokwera, azimayi a mabasiketi ndi bambo wina wa nkhuku m'khwapa, ndi amene anadzaza mabenchiwo. Abusa anapemphera mawu osakwana makumi atatu, ndipo Ameni amene anatuluka pamphambanopo anadzidzimutsa nkhuku ija mpaka kuthothoka nthenga.

Abusa Aakulu anakhala pathabwa, kutulutsa fomu m'chikwama, kuvala magalasi.

"Nyumba yopemphereramo ndi ya njerwa kapena ya matabwa?"

"Lembani kuti ya mphepo, bwana," anatero Tcheya.

"Mipando ingati?"

"Iwiriiwiri. Wakutsogolo wa mkhristu, wakumbuyo wa mlendo."

Nkhalambayo inalemba, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Inasaina, kudinda, n'kupereka pepalalo kwa abusa.

"Mafayilo tiwapezera munthu wina. Inu khalani pompano."

Mayi Busa analuluta mpaka womata matayala anataya pampu. Abusa anafuna kulankhula, koma Tcheya anali ataliza kale wisulo, poti anthu a pamabenchi aja anali atadikira mokwanira.

"Mzere! Ndani ali kutsogolo?"

Wamtali uja anakweza dzanja. Bambo wa nkhuku anakwera, injini inalira, ndipo mpingo wolembedwa kumene m'kaundula unayamba kubalalika mmodzimmodzi, abusa ake ataima pakati pa utsi, pepala lili pachifuwa, akuseka ngati mwana.